Mlendo ndi Mame

Pachitseko cha chipinda nambala seveni
analembapo zilembo zinayi zokha: Shab.
Akuti dzina lonselo limapunthwitsa lilime
la anamwino a kuno ku Bradford.
Ine sindinadabwe. Langa lomwe, Ndaziona,
analidula kalekale ngati nzimbe,
pabaji yanga panangotsala Nda.

Usiku wa Lachitatu, cha m'ma fili koloko,
ndikuwasintha nsalu zogonera,
mayiwo anandigwira dzanja, zala zozizira ngati sipuni,
nati: Mwanawe, anandibera theka.
Ndinafunafuna m'kabati, pansi pa pilo,
poti okalamba a muno amasowetsa mano, magalasi, ngakhale zaka.
Iwo ankangoloza chitseko.

Shab ndi usiku, anatero. Nam ndi chinyezi.
Ukaziphatikiza ndi timadzi tija
timagona pa udzu popanda mtambo wotituma.
Mame! ndinafuula, mpaka bambo a mu eyiti anatsokomola.
Ma-me, anayeserera iwo,
n'kuseka ndi nkhama zokhazokha.

Akuti dzinalo silinabadwire kwawo.
Ndi la Aperezi,
linawoloka mapiri lili m'kamwa mwa anthu
n'kukakhazikika m'Chiurdu ngati mkamwini wakhama
amene mudzi unaiwala kuti ngobwera.
Bambo awo ku Mirpur analitola m'bandakucha:
anathamanga kukaitana mzamba podutsa m'munda wa tirigu,
pobwerera buluku lili chonyowa mpaka m'mawondo,
mwana akulira kale m'nyumba.
Anayang'ana miyendo yawo, nati, Shabnam.

Ndinawauza kuti kwathu timati mlendo ndi mame,
sachedwa kukamuka.
Anakhala chete, ndinkayesa agona.
Kenako: Ifetu tinabwera kwa zaka ziwiri.
Mwamuna wanga anati tingopeza ya nyumba ya njerwa
kufakitale ya ubweya, basi tibwerere.
Fakitale inatsekedwa. Iye ali kumanda a kumtunda uko.
Mame a kuno sakamuka, mwanawe, dzuwa lake n'laulesi.
Amangouma gwa, n'kuyera,
m'mawa anthu n'kumawapala pagalasi la galimoto.

Sindinawauze kuti nanenso ndinati ziwiri.
Chino n'chachisanu ndi chimodzi,
ndipo mwana wanga ku Chiradzulu akukulira m'foni,
mano ake anaguluka ndi kumera ine ndikuonera pachithunzi.

Nanga lako? anafunsa.
Ndinati amayi anga anaika atatu m'manda ndisanabadwe,
ine nditafika analibenso mawu ena: Ndaziona.
Nanga theka anakusiyirali likuti chiyani?
Silikuti kanthu, mayi. Ndi munthu wangotsegula pakamwa.
Nda... ndafika? Ndatopa? Ndalakwa?
Aliyense amamalizitsa mmene wafunira.
Anagwedeza mutu. Ine usiku, iwe chibwibwi.
Tinaseka motsitsa, kuopa wa mu eyiti.

Nthawi yoweruka itakwana
ndinatenga cholembera cha pabolodi ya mankhwala
n'kuwonjezera zilembo zitatu pachitseko.
Inki inali yofiira, zinazo n'zakuda,
ndipo m inapendekeka chifukwa malo anachepa.

Usiku wotsatira sanandizindikire.
Ananditcha dzina la mng'ono wawo,
nandikalipira kuti ndasiya mbuzi panja.
Ndinapepesa. Ndinati ndazitsekera.
Koma mtsikana watsopano wa ku Leeds uja,
atanyamula tiyi, anaima pakhomo,
nawerenga pang'onopang'ono ngati wa sitandade wani:
Shab... nam?
Mayiwo anatembenuka msanga, nayankha m'chinenero chawo
ndi mawu a kamtsikana koitanidwa kuchokera kumunda.

Kunja kunali kusanayere.
Basi ya sikisi foti inali itandisiya.
Ndinadutsa pakapinga ka kuseri kwa malo oimika galimoto,
pamene analemba kuti tisapondepo,
ndipo ndinakafika pasiteji
nsapato zitanyowa, masokosi omwe,
osafuna n'komwe kuti ziume.